Buku Limene Amalume Anasuta

Ndinapita ku Perth kukaona mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi kumeneko. Ulendowo unali wa miyezi yochepa. Ndinanyamula sutikesi imodzi, majekete awiri ndi tayi ya kutchalitchi. Ndisanazolowere n'komwe madzi akumeneko, mliri wa korona unagwa. Malire anatsekedwa, ndege zinaima. Ndinakhala.

Matendawo sanandivute. Chimene chinandivuta n'chakuti ndinkakhala m'nyumba ya mkamwini. Kwathu ku Dowa mkamwini ndiye amabwera pamudzi pako, n'kumanga pamene wamulozera. Ine ndinapezeka ndikugona m'chipinda chimene mkamwini anandilozera, ku Maddington, m'nyumba ya njerwa zofiira kufupi ndi njanji.

Panalinso china. Pa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi salankhulana chisawawa mpaka mkamwini atapereka kanthu, kawirikawiri nkhuku, apongozi n'kulandira. Ukwati wa ana awa unachitikira komweko, ankhoswe anakambirana pafoni, ndipo za nkhuku palibe anakumbukira. Mkamwini wanga anakulira m'tauni ku Lilongwe, koma analeredwa bwino. Ankadziwa kuti pali chimene sichinachitike. Choncho tinkapatsana moni wam'mawa basi, iye atawerama, ine nditayang'ana kumbali. Zina zonse zinkadzera mwa mwana wanga. Ndikafuna mchere patebulo ndinkauza mwana wanga, iye ankauza mwamuna wake, mchere unkabwera. Boma litalamula kuti anthu azitalikirana, mwana wanga anaseka, nati m'nyumba mwathu lamulolo tinaliyamba boma lisanaganize.

Iye akapita ku shifiti kuchipatala, m'nyumba munkatsala amuna awiri opanda womasulira. Mkamwini ankagwira ntchito pakompyuta m'chipinda chake, kuitanitsa zitsulo za makina a m'migodi. Ine ndinkayendayenda.

Pabalaza, khoma lonse la kumadzulo linali ndi mabuku a zithunzi. Makomiki akalekale, a zombo zouluka kuthambo ndi anthu ovala zisoti zagalasi. Buku lililonse linali lotsekeredwa m'kabokosi kapulasitiki kolimba koonekera mkati, ndipo pamwamba pake panali kapepala kolembedwa nambala. Mwana wanga anandifotokozera kuti kabokosiko amakatcha silabu. Buku limatumizidwa kutsidya kwa nyanja kwa akatswiri, iwo amaliyang'ana tsamba ndi tsamba, amalipatsa giredi kuyambira theka mpaka teni, kenako amalimata. Ukatsegula silabu, giredi yafa.

Za magiredi sizinali zachilendo kwa ine. Ndinakulira pa fodya. Bambo anga ankasankha masamba m'chigafa, awa apamwamba, awa apakati, awa azinyalala. Koma fodya akamugireda amakasutidwa. Ndinafunsa mwana wanga kuti nanga mabukuwa amawerengedwa liti. Anati sawerengedwa. Ndinati chabwino.

Tsiku lina m'mawa ndinavala magalasi n'kuyamba kuwayang'ana limodzilimodzi, poti kunalibe chochita. Pamzere wachiwiri, pafupi ndi windo, ndinaima. Thambo lobiriwira. Nthaka yofiira. Munthu wa chisoti chagalasi atakhala pamwala, sipanala ili m'manja. Kumbuyo kwake chilombo chachitsulo chonga nkhanu, chikukoka mwendo umodzi. Giredi yake eyiti ndi theka.

Ndinakhala pampando.

Ndinali mu Sitandade folo pamene amalume anga anabwera kuchokera ku Joni. Anabwera ndi chipewa, wailesi yosalira ndi sutikesi yachitsulo. Pansi pa sutikesiyo anayalapo buku la zithunzi kuti dzimbiri lisagwire zovala. Ndinalipempha, anandipatsa. Pamwamba pa chikuto, pamene pamakhala dzina, panali patang'ambika kale, koma chithunzi chinalipo chonse. Chinali chimenechi.

Nkhani yake inali yotere. Anthu anapita ndi chombo kudziko lina la kuthambo. Potera, chombocho chinawonongeka. Makaniko wawo anachikonza, koma chinali chitafooka moti sichikanatha kunyamula onse. Iye anatsala mwa kufuna kwake, anzake n'kulonjeza kuti adzabwera kudzamutenga. Mpweya wa m'botolo lake unayamba kuchepa. Kenako kunatulukira chilombo chija, chachikulu ngati nkhokwe, n'kuyamba kumutsatira. Akathawira kuphiri, icho pambuyo. Akabisala m'phanga, icho pakhomo. Pomaliza anatopa, nakhala pamwala. Chilombo chinafika, n'kutambasula dzanja lofumbata.

Chingerezi changa chinali cha Sitandade folo. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, mawu ovuta n'kumakafunsa aphunzitsi osawauza kumene ndawatenga. Nditafika pa dzanja lofumbata lija, belu la sukulu linalira kutali. Ndinasomeka buku kudenga n'kuthamanga. Pobwera masana ndinapeza amalume ali pakhonde, akusuta chingambwe. Masamba onse akumapeto kunalibe.

"Pepala la azungu limayaka bwino, mphwanga," anatero. "Silithamanga."

Ndinawafunsa mmene nkhaniyo inathera. Anadziguguda pachifuwa, nati mathero ali m'menemo, kenako anatsokomola. Anthu onse pakhonde anaseka. Ine sindinaseke.

Sindinena kuti ndinakhala makaniko chifukwa cha bukulo. Ndinakhala makaniko chifukwa fizi inatha ndili mu Sitandade sikisi, ndipo ku Limbe kunali galaja imene inkafuna wotsuka zitsulo. Ndinagona pansi pa malole ndi mabasi mpaka imvi. Koma nthawi zambiri, ndikagwira sipanala, ndinkamukumbukira munthu uja pamwala. M'dzanja lija munali chiyani? Anafa kapena sanafe? Ndinakwatira, ndinabereka, ndinaika mkazi wanga m'manda, funsolo lidakalipo. Sindinauzepo munthu. Si nkhani yoti bambo wa ana azinena.

Tsopano yankho linali pakhoma la mkamwini, kuseri kwa pulasitiki.

Ndinayang'anitsitsa m'mbali mwa silabuyo. Panalibe bawuti, panalibe hinjesi, panalibe potsegulira. Anachita kuwotcherera. Chinthu chopangidwa kuti chisatsegulidwe ndi mwano kwa makaniko. Koma sichinali changa, ndipo manja ndinawasunga kumbuyo.

Kupempha sindikanatha. Kuuza mwana wanga kukanakhala kupempha chuma cha mkamwini amene sindinalankhulane naye. Komanso munthu waimvi, mkulu wa mpingo, kupempha buku la ana? Ayi. Ndinangozolowera kuima pamenepo m'mawa uliwonse ndikamwa tiyi, manja kumbuyo, kuyang'ana.

Pano ndiyenera kunena za nkhope yanga. Siisekerera. Malemu mkazi wanga ankati ndikasangalala ndimaoneka ngati ndikuweruza mlandu wa ng'ombe. Mkamwini akatuluka kudzatunga madzi kukhitchini ankandipeza ndili chiimire pakhoma lake ndi nkhope imeneyo. Ankabwerera mwakachetechete, nthawi zina madzi osatunga.

Tsiku lina ndinadzuka n'kupeza khoma lili mbee. Misomali yokha. Pakati anapachikapo chithunzi cha mawu a m'Baibulo, chokongoletsedwa ndi maluwa. Mabuku onse anali atalowa m'makatoni m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, chitseko chotseka.

Ndinamva bwino lomwe. Andiona ngati mwana woyabwa m'manja, kapena wakuba. Madzulo ndinadya pang'ono, ndipo mchere sindinapemphe ngakhale ndiwo zinali zosakolera. Mwana wanga anandifunsa ngati ndikumva kutentha thupi, n'kubwera ndi choyezera. Ndinati ndili bwino.

Ndinaganiza kuti bukulo silinasindikizidwe limodzi. Ndikalipeza langa.

M'bini ya mapepala ndinali nditaonamo matumba a shopu ina, ojambulidwa chombo chouluka, olembedwa kuti Fremantle. Nthawi imeneyo malire anali otseka koma m'kati mwa mzinda anthu ankayenda. Ndinauza mwana wanga kuti ndikufuna kukaona sitima zapamadzi kudoko. Anandipatsa khadi ya sitima yapamtunda ndi masiki, n'kundilangiza ngati mwana wa sukulu. Ndinavala jekete ndi tayi. Ndinakwera pa Maddington, ndinatsika ku Perth, ndinakwera ina mpaka kumapeto kwa njanji. Kumeneko kunkanunkha mchere ndi dizilo. Dizilo ndinamukonda.

Shopuyo inali m'kanjira kopapatiza kuseri kwa msika. Mwini wake anali mayi wachizungu wamsinkhu ndithu, wonenepa, tsitsi lake lopakidwa utoto wa buluu. Tsitsilo sindinagwirizane nalo. Koma shopu yake inali yadongosolo, chinthu chilichonse pamalo pake, ndipo munthu wotere ndimamulemekeza. Anandipopera mankhwala m'manja pakhomo, nati ndidikire aume ndisanagwire pepala lililonse.

Anandifunsa dzina la buku. Ndinalibe. Pakhoma la mkamwini ndinkayang'ana chithunzi, dzinalo silinakhazikike m'mutu. Ndinapempha pensulo n'kujambula: mwala, munthu, sipanala, nkhanu. Mwendo wokokedwawo ndinaujambula bwino, ndi mfundo zake zonse. Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali, nati akulidziwa, koma pakali pano alibe, ndipo siliwoneka kawirikawiri. Analonjeza kufunsa anzake a malonda. Chojambulacho anapempha kuti asunge, n'kuchikhoma kuseri kwa kauntala.

Kenako anandionetsa pansi pa tebulo. Munali makatoni a mabuku osamatidwa, otha, ena opanda chikuto. Anati amenewa ndi a anthu owerenga. Ndinagula atatu kuti ulendo usapite pachabe.

Umo ndi mmene ndinayambira.

Sabata iliyonse ndinkapita kukaona sitima zapamadzi. Mwana wanga ankadabwa kuti munthu wa ku Dowa wakonda nyanja chotere. Mayi wa shopu anandiphunzitsa kugireda. Uyang'ane msana wa buku ngati uli ndi mizere yopindika. Uyang'ane timawaya tomangira ngati tachita dzimbiri. Ngodya, ngati n'zakuthwa kapena zatha. Mtundu wa pepala, loyera kapena lofiirira ngati fodya wowuma. Ununkhize, chifukwa chinyezi chimabisala. Tinayamba masewera. Ankaphimba nambala ya silabu ndi chala, ine n'kunena giredi. Ndinkaphonya pafupifupi nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ndinkapereka yotsika kuposa ya akatswiri. Anati ndikanakhala mphunzitsi, m'kalasi mwanga simukanakhoza mwana. Ndinamuuza kuti ophunzira anga a kugalaja ankanena zomwezo, koma mabasi awo sankafera panjira.

Ine ndinakonda a giredi yotsika. Lina linali ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pachikuto. Lina, mwana wina anajambula ndevu pa nkhope ya mfumu ya kumwezi. Lina anadulamo kachidutswa ndi sizasi kuti aitanitse mfuti yamasewera. Ndinazindikira kuti giredi yotsika imangotanthauza kuti bukulo linagwira ntchito. Galimoto yopanda chikanda ndi imene sinachoke pakhomo.

Tsiku lina ndinagula silabu yanga yoyamba, ya giredi wani ndi theka. Sindinaigule chifukwa cha nkhani. Ndinkafuna kudziwa mmene chinthucho chimatsegukira. Ndinadikira mpaka mkamwini atalowa pa msonkhano wa pakompyuta, n'kupita m'galaja ndi sikuludiraiva imene ndinagula kumsika. Ndinalowetsa pakati pa mbali yaitali. Pulasitiki inasweka ngati mbale, kachidutswa n'kundicheka chala. Yachiwiri ndinayambira pangodya, pang'onopang'ono, kutsata msoko. Inatseguka bwinobwino. M'kati munatuluka fungo la sutikesi ya amalume. Nkhani ya m'bukulo inali yopusa, ya anthu okhala ndi mitu ya nsomba, koma ndinaiwerenga yonse.

Mabuku anga ndinkawasunga m'sutikesi pansi pa bedi, zovala n'kuzipachika pampando. Nthawi ina matenda anapezeka mumzinda ndipo boma linalamula kuti tonse tibindikire masiku angapo. Ndinadzitsekera m'chipinda n'kumawerenga. Mwana wanga akagogoda ndinkati ndikusinkhasinkha. Tchalitchi itatsegulidwanso ndinamva kuti wauza amayi a mumpingo kuti bambo ake masiku ano akupemphera kwambiri. Amayiwo anayamba kundipatsa moni wogwada. Sindinatsutse.

Koma buku lija silinapezeke. Mayi wa shopu anafunsa ku Melbourne, anafunsa ku Sydney. Lina linaoneka kutsidya kwa nyanja, wina n'kuligula tisanayankhe. Chaka chinatha, china chinalowa. Kenako kunamveka kuti malire atsegulidwa posachedwa, ndipo mwana wanga anayamba kuyang'ana za tikiti yanga. Ndinasangalala, poti kwathu n'kwathu. Koma ndinaona kuti ndibwerera monga ndinabwerera, munthu uja adakali pamwala, ndipo pa msinkhu wanga ulendo wotere subwerezedwa.

Ndinapita ku Fremantle kukatsanzika. Nditangolowa ndinaona kuti kuseri kwa kauntala chojambula changa palibe. Mayi uja anali wokondwa. Anati wapeza njira. Ali ndi kasitomala mmodzi amene anagula bukulo kalekale, mnyamata waulemu, ndiponso wochokera kudziko lakwathu. Anabwera Loweruka. Anamuonetsa chojambulacho, namuuza za bambo wachikulire wovala tayi amene wakhala akulifunafuna kuyambira chaka chatha chifukwa amalume ake anasuta mathero. Nkhani ya amalume ndinali nditamuuza tsiku lina mvula ikugwa. Kwa mlendo munthu umalankhula.

Ndinafunsa kuti mnyamatayo anati chiyani. Anati anafunsa mtundu wa tayi, kenako anapempha chojambulacho n'kutuluka osagula kanthu. Anawonjezera kuti amakhala ku Maddington, mwina ndi pafupi ndi kwathu.

Ndinati ndi pafupi ndithu.

Sitima ya tsiku limenelo inathamanga kuposa masiku onse. Nditafika ndinalowa m'chipinda changa. Mkamwini anali m'chipinda chake. Masiku otsatira moni wam'mawa unali womwe uja, koma tsopano tonse awiri tinkayang'ana kumbali.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, mwana wanga anagogoda nati ndikufunidwa pabalaza. Ndinapeza mpando waukulu ataukonzera ine. Mkamwini anali atakhala pansi, pakapeti, miyendo atapinda, atavala shati yoyera. Patebulo panali thireyi yophimbidwa ndi nsalu. Mwana wanga anagwada pakati pathu.

"Ababa, akamwini anu akuti anachedwa, muwakhululukire. Akuti nkhuku yamoyo kuno n'njovuta kupeza, ndipo ya mufiriji si ya mwambo. Akuti mulandire ichi."

Anachotsa nsalu. Panali silabu ija ya eyiti ndi theka, chojambula changa pambali, ndi sikuludiraiva yatsopano, chikwangwani cha mtengo chidakali pachigwiriro.

Sindinaigwire. Ndinati, "Uwafunse chimene anachotsera mabuku pakhoma."

Mkamwini anayankha akuyang'ana mkazi wake. Anati ankandiona m'mawa uliwonse ndili chiimire, nkhope ili gwa, ndipo anadziwa kuti mumtima ndikuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wosakhwima, wotolera zidole. Anachita manyazi. Chithunzi cha mawu a m'Baibulo anachigula tsiku lomwelo kuti mtima wanga utsike.

"Uwauze kuti nkhope yanga ndi yomweyi," ndinatero.

"Akumva, ababa. Ali pomwepa."

"Uwauze basi."

Anawauza. Mkamwini anagwedeza mutu ngati wamva nkhani yatsopano.

Ndinafunsa ngati akudziwa kuti tikatsegula, nambala ifa. Anati akudziwa. Ndinafunsa ngati iwo analiwerengapo. Anati ayi, analigula lomata kale. Apa mwana wanga analowererapo ndi maganizo ake, nati iye anawauza amuna ake kuti masamba a mabuku otere mwina angapezeke pakompyuta, bwanji osangosindikiza akumapetowo, silabu n'kukhala yamoyo. Mkamwini anayankha motsitsa mawu kuti apongozi sapatsidwa nkhuku ya pachithunzi.

Ndinali nditaphunzira mokwanira kudziwa chimene eyiti ndi theka imatanthauza. Ngodya zakuthwa, msana wopanda mzere, pepala loyera pambuyo pa zaka zonsezo. Buku limenelo linapulumuka ana, mvula, mphemvu ndi amalume a anthu ena. Ndikanatha kulandira, kuthokoza, n'kulibweza pakhoma lili lomata. Mwambo ukanakwanira ndithu. Koma nkhuku ya mkamwini siisungidwa m'khola. Imaphedwa, anthu n'kudya. Kuibweza yamoyo n'kunena kuti sunaikhulupirire.

Ndinanyamula sikuludiraiva yawo, ndinaiyang'ana kunsonga, n'kuibweza pa thireyi. Inali yokhuthala kwambiri. Ndinapita kuchipinda n'kukoka sutikesi yonse mpaka pabalaza, chifukwa yanga inali m'menemo. Nditatsegula, mabuku anga onse anaonekera, ndi timapepala ta magiredi ta masilabu amene ndinaswa. Mwana wanga anagwira pakamwa.

"Ndiye mapemphero aja ndi amenewa?"

Mkamwini anali atatambasula kale khosi, akuwerenga mayina a mabuku ndi milomo yokha. Anaona la ndevu lija, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka ndi kuseka.

Tinasamba m'manja ndi sopo n'kupukuta mpaka kuuma. Mwana wanga anabwera ndi magolovesi a kuchipatala, tonse awiri tinakana nthawi imodzi, aliyense akuuza iyeyo. Ndinayala thaulo patebulo, ndinaimika silabu chammbali, n'kupeza ngodya. Inkaterereka. Ndinafunika dzanja lachitatu.

"Gwirani apa," ndinatero.

Mkamwini anayang'ana mkazi wake, kenako anazindikira kuti mawuwo sanadzere kwa iye. Anayandikira ndi maondo n'kugwira.

"Chonchi, bambo?"

"Mwamphamvu. Musaope, si dzira."

Ndinalowetsa nsonga pamsoko n'kupotoza pang'ono. Kunamveka kuti the. Iye anatsinzina. Ndinatsata msoko mpaka ngodya ina, kenako ina, chivindikiro n'kunyamuka chonse chosasweka. M'kati munali kathumba kena kofewa, ndinakadula m'mphepete ndi lezala. Buku linatuluka. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati m'galaja mwawo, nthawi ya misonkhano.

Masamba oyamba sindinafunike kuwerenga. Ndinkanena mawu a makaniko uja tsamba lisanatembenuzidwe, mwina kuphonya liwu limodzi kapena awiri. Chombo chinanyamuka, chilombo chinatulukira, phiri, phanga, mwala. Dzanja lofumbata. Pamenepo zilembo zinayamba kusokonekera. Magalasi anga ndi akale. Ndinakankhira bukulo kwa mkamwini n'kumuuza kuti awerenge ndiye, mosathamanga.

Anatembenuza tsamba.

Dzanja linafumbatuka. Munali bawuti yothyoka. Inali ya pa mfundo ya mwendo uja. Chilombocho chinali chitamuona akukonza chombo, ndipo ulendo wonsewo sichinkamusaka kuti chimudye. Chinali kasitomala.

Ndinamenya tebulo. Ndinati ndinadziwa, mwendo umenewo unkakokedwa ngati wa chinthu chothyoka bawuti. Mwana wanga anati ngati ndinkadziwa, bwanji ndavutitsa anthu. Ndinamuuza kuti akhale chete, amuna ake akuwerenga.

Makaniko uja anamasula bawuti pa zitsulo zimene chombo chinasiya, n'kuimanga pamwendopo mpweya uli pafupi kutha. Atamaliza anakomoka. Chilombo chinamunyamula pamsana n'kutsika naye pansi pa nthaka, kumene kunali zomera, madzi ndi mpweya wabwino. Atatsitsimuka anaona zilombo zina zambirimbiri zitandanda pamzere, china chopanda dzanja, china chopindika khosi. Amene anazipanga anafa kalekale, ndipo panalibe wozikonza. Pa tsamba lomaliza anzake aja anabweradi ndi chombo chatsopano. Anamupeza ali chagada pansi pa chilombo china, miyendo yokha ikuoneka. Anawauza kuti adikire, ali ndi ntchito.

Mkamwini anatseka buku n'kundifunsa ngati ndakhutira. Ndinati nkhaniyo ndi yabwino, koma wojambulayo sanagwirepo sipanala. Munthu akumanga bawuti, iye wamujambula akukokera komasula. Tinabwerera patsambalo, tinayang'ana tonse, ndipo anavomereza. Kenako anafunsa ngati angabwereke la mitu ya nsomba. Ndinamuchenjeza kuti n'lopusa. Analitenga.

Madzulo ake ndinapempha mchere kwa iye mwini. Mwana wanga anati tsopano ntchito yamuthera, azingopita kuchipatala.

Masabata amene anatsala tinawathera m'galaja. Mabuku onse anabwerera pakhoma, ndipo chithunzi cha mawu a m'Baibulo chinasamukira kukhitchini, kumene chikukhala bwino. Pamalo a silabu ija panatsala mpata. Mkamwini anati bukulo likhoza kutumizidwanso kwa akatswiri kuti akalimate kachiwiri. Ndinati buku langa silipita kundende kawiri. Tinagula matabwa, galasi ndi timabawuti tamkuwa. Ndinapanga bokosi lofanana kukula ndi masilabu anzake, koma lomanga ndi mabawuti m'ngodya. Iye anapala matabwa. Poyamba ankapala ngati akusisita mphaka, koma anaphunzira. Pamwamba, pamalo a nambala, tinaikapo chojambula changa chija titachipinda.

Tisanatseke ndinaliyang'ana bukulo bwinobwino pa kuwala kwa pawindo. Pamsana panali kamzere katsopano, ka tsiku lija. Ndinalipatsa sikisi. Mkamwini anati eyiti. Tinalitengera ku Fremantle, tonse awiri pa sitima imodzi, mpando umodzi. Mayi wa tsitsi la buluu atationa tikulowa limodzi anayang'ana iye, anayang'ana ine, n'kukhala pansi kuseka. Bukulo analipatsa seveni ndi theka, nati ndisasinthe, dziko likufunika aphunzitsi ankhanza.

Malire atatsegulidwa ndinabwerera kwathu. Mabuku anga a giredi yotsika ndinabwera nawo, majekete n'kuwasiya kuti sutikesi itsekeke. La makaniko ndinalisiya pakhoma paja, chifukwa kwathu kuli chiswe, ndiponso osuta chingambwe sanathe. Koma n'langa, ndipo onse akudziwa. Kasipanala kotsegulira ndinakakoleka pamsomali kuseri kwa bokosilo.

Masiku ano mkamwini amaimba yekha Lamlungu masana. Amandionetsa pafoni chimene wagula, chala chili panambala, ine n'kunena giredi. Ndimaphonyabe. Mwana wanga amamveka chapatali akufunsa ngati bambo ake angamupatseko moni, ndipo ndimamuuza mkamwini kuti amuuze adikire.